Akavalo amatabwa olendewera pa mzati umodzi

Mukafika pa carousel yakale, katungwe wozungulira uja wokhala ndi akavalo osema, yambani mwawerama n'kusuzumira kunsi kwa nsanja imene ana amakwerapo. Pa akatungwe ambiri simupezako mateyala kapena njanji. Nsanja yonse, akavalo makumi angapo ndi anthu amene akwera, zonsezo zimangolendewera m'malere, ndipo chimene chasenza katundu yenseyo ndi mzati umodzi wapakati.

Mamangidwe ake akufanana ndi denga la nyumba yozungulira yaudzu. Mzati uja, womwe umakhala wamtengo kapena wachitsulo, umaima pa mitanda yopingasa imene yagonekedwa pansi, ndipo umachirikizidwa ndi mitengo yopendekeka kuti usagwedere. Mzatiwo suzungulira. Chozungulira ndi chisoti chachitsulo chimene chakhala pa beyaring'i pamwamba pake. Kuchokera pa chisoticho, ndodo zachitsulo zimatsika mopendekeka kukagwira mitanda yotambalala ngati phaso, ndipo pa mitandayo pamachokanso ndodo zina zowongoka zotsika kukanyamula nsanja. Choncho beyaring'i yapamwambayo ikauma girizi kapena kudyeka mbali imodzi, katungwe yense amapendama, nsanja n'kuyamba kukhula pansi mbali ina. Wosadziwa amathamangira kukapala nsanjayo, pomwe vuto lili mamita angapo pamwamba pa mutu wake.

Dzina lakuti carousel linachokera ku masewera a asilikali apakavalo ku Italy ndi ku France. Wokwera ankathamangitsa kavalo n'kuyesa kutunga mphete yolendewera ndi mkondo. Bwalo la Place du Carrousel ku Paris linatenga dzina lake ku chionetsero chotere chimene mfumu Louis XIV inachititsa mu 1662. Masewera a mpheteyo sanafe. M'munda wa Jardin du Luxembourg mumzinda womwewo muli katungwe wa 1879, wojambulidwa ndi Charles Garnier yemwe anamanganso nyumba ya zisudzo ya Opéra, ndipo ana okhala mumzere wakunja amapatsidwa kamtengo koti azitungira mphete akamadutsa. Wakale kuposa onse amene alipo lero ali ku Wilhelmsbad, pafupi ndi Hanau ku Germany. Anamalizidwa mu 1780, ndipo poyamba ankakankhidwa ndi anthu obisika m'chipinda cha pansi pake. Anamukonzanso mpaka 2016, koma amamuzungulitsa pa masiku owerengeka chabe.

Pamene mphamvu inali ya munthu kapena ya nyama, katungwe sakanakula. Chinasintha zinthu ndi injini ya nthunzi. Thomas Bradshaw anaonetsa katungwe woyendera nthunzi ku Bolton, ku England, mu 1861, kenako Frederick Savage wa ku King's Lynn anaika injiniyo pakati penipeni pa katungwe, utsi n'kumatulukira pamwamba. Kampani ya Savage ndi imenenso inafalitsa akavalo okwera ndi kutsika m'zaka za m'ma 1880. Ku America, William F. Mangels wa ku Coney Island, malo achisangalalo a mumzinda wa New York, anakonzanso njira yomweyo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900.

Kukwera ndi kutsikako kulibe mota yakeyake. Pamwamba, pakati pa mitanda, pamagona zitsulo zopindika ngati zija zogwira mapedulo a njinga. Kumapeto kwa chilichonse, mbali ya ku mzati, kuli giya yaing'ono imene mano ake alumana ndi giya yaikulu yosasuntha yomangidwa pa mzati. Katungwe akayamba kuzungulira, giya yaing'ono imakakamizika kugubuduka pa yaikulu ija, chitsulo chopindika n'kumatembenuka, ndipo ndodo ya kavalo imene yakolekedwa pa chigongono chake imakwera n'kutsika. Kunsi, ndodoyo imalowa m'kapaipi komangirira pa nsanja kuti kavalo asamapite uku ndi uku. Zigongono zimayang'ana mbali zosiyana dala, kuti wina akamakwera mnzake azitsika, kulemera kugawanike. Wogwirizanitsa magiya atakonza akalakwitsa apa, akavalo ambiri amakwera nthawi imodzi ndipo mota imamveka kubuula nthawi iliyonse akamakwera.

Akatungwe ambiri amazungulira kanayi kapena kasanu pa mphindi, koma liwiro la wokwera limadalira pomwe wakhala. Kavalo amene ali mamita 7 kuchokera pa mzati amayenda mamita pafupifupi 44 pa ulendo umodzi, ndiye pa maulendo asanu ndi makilomita 13 pa ola. Wamkati, pa mamita 4, sapitirira makilomita 8 pa ola. Mwana wamantha muikeni mkati.

Palinso kusiyana kumene alendo ambiri sakuona. A ku Britain amazungulira motsata mivi ya wotchi, a ku America mosemphana nayo. Zotsatira zake zimaoneka pa thupi la kavalo, chifukwa mmisiri ankakometsera mbali yokhayo yoyang'ana anthu oonerera. Kavalo wa ku America ali ndi maluwa, malupanga ndi timagalasi kudzanja lamanja, wa ku Britain kumanzere, ndipo mbali yamkati imakhala pafupifupi yosalala. Mukapeza kavalo yekha m'nyumba yosungira zakale, mbali yokometsedwayo ikuuzani kumene anachokera. Ku America dzanja lamanja la wokwera limakhala kunja, ndipo n'loyenera masewera a mphete: pambali pa katungwe pamakhala mkono wachitsulo wotulutsa mphete imodziimodzi, zambiri zachitsulo wamba, imodzi yamkuwa. Wotola yamkuwa amakweranso ulere. Masewerawa atsala m'malo ochepa, monga pa Flying Horses ku Oak Bluffs pachilumba cha Martha's Vineyard. Katungwe ameneyu anapangidwa ndi kampani ya Charles Dare mu 1876, n'kusamutsidwa kuchoka ku Coney Island mu 1884, ndipo michira ndi manyenje a akavalo ake ndi ubweya weniweni wa kavalo.

Nyengo ya akavalo osema ku America inali kuyambira cha m'ma 1880 mpaka cha m'ma 1930, ndipo amisiri ambiri anali obwera kuchokera ku Ulaya. Gustav Dentzel, wochokera ku Germany, anatsegula shopu yake ku Philadelphia mu 1867. Iye pamodzi ndi Philadelphia Toboggan Company, yomwe inayamba mu 1904, ankasema akavalo ooneka ngati amoyo, mitsempha ndi minofu zili poyera. Ku Coney Island, kumene Charles Looff anaimika katungwe woyamba mu 1876, ankakonda zonyezimira: timiyala tagalasi, golide wopyapyala womata, manyenje ouluka ndi mphepo. Marcus Illions ndi Charles Carmel ndi ena mwa amisiri otchuka a kumeneko, ndipo akavalo 57 a ku Central Park ku New York, osemedwa ndi Stein ndi Goldstein mu 1908, ndi a gulu lomweli. Allan Herschell wa ku North Tonawanda ankapangira anthu oyendayenda m'zionetsero zaulimi. Akavalo ake ndi aang'ono, miyendo yopinda mofanana, makutu ogona, kuti asathyoke powasanjikiza m'ngolo. Osonkhanitsa zakale amawaderera, koma pa ntchito imene anapangidwira palibe wowaposa. Akatungwe asanu ndi mmodzi a Herschell akadalipo m'dera la Binghamton, kumene mwini fakitale ya nsapato George F. Johnson anawapereka ndi lamulo lakuti mwana asalipire.

Kavalo wotere sasemedwa kuchokera ku chipika chimodzi ngati mtondo. Thupi lake ndi bokosi lopanda kanthu mkati, lopangidwa ndi matabwa omatidwa pamodzi, kawirikawiri a mtengo wofewa wa basswood kapena poplar. Mutu, khosi, miyendo ndi mchira zinkasemedwa padera n'kulumikizidwa ndi zikhomo zamtengo ndi guluu wophikidwa kuchokera ku zikopa za nyama. Ophunzira ankasema miyendo ndi thupi, mutu unali wa mmisiri wamkulu. Mphako yamkatiyo imapepukitsa kavalo, komanso imalola matabwa kufufuma ndi kufota ndi nyengo popanda kung'ambika.

Guluu wa zikopa ndi amene wachititsa kuti akavalowa akonzeke kwa zaka zoposa 100. Ukamuthira nthunzi amafewa, mwendo umachoka bwinobwino, ukonza, n'kuumatanso. Kufooka kwake kulinso pomwepo: chinyontho chikalowa, mfundo zimamasuka. Chikalowa kudzera pa bowo la ndodo pamsana, madzi amadikha m'mimba, ndipo kavalo amaola kuyambira mkati kunja akuoneka wabwinobwino. Apa m'pamene eni mapaki ambiri anaonongera. Mwendo ukagwedera ankaukhomera misomali, kapena kuumanga ndi lata, ming'alu n'kuitseka ndi phala lomatira magalimoto. Msomali umachita dzimbiri n'kudya thabwa louzungulira. Phala lija silifufuma pamodzi ndi mtengo, ndiye mng'alu umangosamukira pambali pake, ndipo chinyontho chimatsekeredwa mkati. Kukonza koyenera n'kochedwa: kuzula chitsulo chilichonse, kudula poola mpaka pa thabwa lamoyo, kuikapo chigamba cha mtengo wa mtundu womwewo mizere yake itayang'ana kumodzi, kenako kusema chigambacho kuti chifanane ndi mbali yotsala.

Penti ndi nkhani ina. Chaka ndi chaka antchito ankangopaka wina pamwamba pa wakale, mpaka kavalo kukhala ndi zikhungu 20 kapena kuposa, mitsempha ndi tsitsi losema zitakwiririka. Wokonza wosamala sayamba ndi kupala zonse. Amatsegula timawindo ting'onoting'ono ndi kampeni, pa chishalo, pakhosi, pa chingwe cha pakamwa, kutsika chikhungu chimodzichimodzi mpaka apeze mtundu wa ku fakitale, n'kuujambula ndi kuulemba. Penti wakaleyo amakhala ndi mtovu, choncho kumupala ndi sandipepa wouma kapena kumuwotcha kumadwalitsa. Kuviika kavalo yense m'thanki ya mankhwala ochotsa penti n'koipa kuposa zonse, poti guluu amasungunuka ndipo kavalo amatuluka ali zidutswa.

N'chifukwa chake katungwe wa ku Burlington, m'boma la Kit Carson ku Colorado, amalemekezedwa chonchi. Ndi wachisanu ndi chimodzi wa Philadelphia Toboggan Company, wa 1905, ndipo nyama zake 46 zikadali ndi penti woyambirira. Sizikwera ndi kutsika, n'chifukwa chake paki ya Elitch Gardens ku Denver inamugulitsa mu 1928 pa madola pafupifupi 1,200, koma amathamanga makilomita 19 pa ola. M'zaka za umphawi za m'ma 1930 nyumba yake inasanduka nkhokwe ya mapesi ndi udzu wa ziweto, mbewa n'kuononga limba lake. Kusowa ndalama kunamusiya wafumbi, komanso kunamupulumutsa kwa opaka penti.

Limba lija ndi makina enanso paokha. Mvukuto wachikopa umapopa mpweya m'bokosi, ndipo pepala lalitali lobooledwa, kapena makatoni opindapinda pa malimba a ku Ulaya, limadutsa pa mzere wa timabowo. Bowo likafika, paipi yake imalira kapena ng'oma imagunda. Pa malimba a Wurlitzer, manambala 125, 150 ndi 165 amatchula mtundu wa pepala, ndipo pepala la mtundu wina silingaimbe pa limba la mtundu wina. Chikopa chikauma n'kung'ambika, mpweya umathawa, nyimbo imafooka n'kuyamba kuphonya manoti. Mapaki ambiri amangotsegula sipika, limba lili chete pakati.

Ena mwa akatungwewa asenza mbiri yolemera. Wa Dentzel wa 1921 ku Glen Echo Park, ku Maryland, anali wa azungu okha. Mu June 1960 ophunzira akuda, ambiri a ku Howard University, anakwerapo n'kukana kutsika, ndipo asanu anamangidwa. Paki inatsegulidwa kwa onse mu 1961, ndipo khoti lalikulu la dzikolo linafafaniza milandu yawo mu 1964. Katungweyo akuzungulirabe pamalo omwewo.

Mwa zikwi zingapo zimene zinapangidwa ku America, otsala amatabwa sakwana 200. Moto unatenga ambiri, poti nyumba yamatabwa, girizi ndi mawaya akale zikakumana sipafunikanso china. Koma m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mdani wamkulu anali okushoni. Kavalo mmodzi wa mzere wakunja ankagulidwa madola zikwi makumi angapo, moti katungwe wophwasulidwa ankapindulitsa kuposa wathunthu. Bungwe la National Carousel Association linakhazikitsidwa mu 1973 kuti lilimbane ndi zimenezi. Pa okushoni zotere ankayamba kutsatsa kavalo mmodzimmodzi, kenako n'kuwonkhetsa mitengo yonse, ndipo wofuna katungwe wathunthu ankayenera kupitirira chiwonkhetsocho. Umu ndi mmene Jane ndi David Walentas anapulumutsira katungwe wa 1922 wa ku Idora Park, ku Youngstown, mu 1984. Jane anatha zaka zoposa 20 akupala penti ndi kampeni pa akavalo 48, ndipo katungweyo anatsegulidwa mu 2011 ku Brooklyn Bridge Park, m'nyumba yagalasi yojambulidwa ndi Jean Nouvel. Chaka chotsatira namondwe Sandy anasefukiza mtsinje, madzi n'kuzinga nyumbayo. Zamagetsi za m'chipinda chapansi zinaonongeka, koma akavalo anapulumuka.