Augusta Victoria: chipatala cha pa Phiri la Azitona

Pamwamba pa Phiri la Azitona, kum'mawa kwa Yerusalemu, pali chinyumba chamiyala chokhala ndi nsanja yaitali yoonekera patali. Dzina lake ndi Augusta Victoria, dzina la mkazi wa Kaiser Wilhelm II, mfumu ya Germany yomwe idacheza mumzindawu mu 1898. Nyumbayi idatsegulidwa mu 1910 kuti Ajeremani obwera kudzaona malo oyera azifikirapo, ndipo amene agwidwa ndi malungo azipumirapo pamalo okwera, opita mphepo.

Alendowo sadaidyerere nthawi yaitali. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka, Djemal Pasha, mkulu wa asilikali a ufumu wa Ottoman wa ku Turkey, womwe unkalamulira deralo, adaisandutsa likulu lake. Asilikali a Britain atalanda Yerusalemu mu Disembala 1917 adalowamo nawonso, kenako kazembe wawo wamkulu, Herbert Samuel, adakhala momwemo. Chivomerezi cha mu 1927 chidaiwononga kwambiri.

Chomwe chidaisandutsa chipatala cha Apalestina ndi nkhondo ya mu 1948 ya pakati pa Israel ndi maiko a Aluya. Anthu oposa 700,000 adathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi yawo, ambiri n'kukadzaza m'misasa, matenda ali pambuyo. A Red Cross adayamba kuwathandizira m'nyumbayi, ndipo mu 1950 bungwe la mipingo ya Lutheran lotchedwa Lutheran World Federation lidatenga udindowo mogwirizana ndi UNRWA, nthambi ya United Nations yoyang'anira Apalestina othawa kwawo. Mpaka lero ndi a Lutheran omwewo amene akuyendetsa chipatalachi. Mu Juni 1967, pa nkhondo ya masiku 6, mabomba adachigwera ndipo gawo lapamwamba la nyumbayo lidapsa. Nkhondoyo itatha, dera lonselo lidachoka m'manja mwa Jordan n'kulowa m'manja mwa Israel.

Kuyambira pamenepo vuto lalikulu lakhala njira yofikira pachipatalapo. Augusta Victoria ndi komwe kuli makina a radiotherapy owotcha khansa amene Apalestina a ku West Bank ndi Gaza amadalira, komanso makina a dialysis osefa magazi a ana odwala impso. Koma wodwala wa ku Hebron kapena Nablus, mizinda ya ku West Bank, sangangokwera basi n'kupita. Ayenera kukhala ndi kalata ya unduna wa zaumoyo wa Palestinian Authority, boma la Apalestina, kenako chilolezo cha akuluakulu a Israel, ndipo womudikirira naye afunika chake. Khoma lomwe Israel idayamba kumanga mu 2002, lomwe limatseka njira yochokera ku West Bank kupita ku Yerusalemu, lidawonjezera mavutowa. Mwana wa dialysis amafunika makina katatu pa sabata, choncho mayi amamudzutsa kusanache kuti akaime pamzere pachipata cha asilikali, mapepala ali m'manja. Chipatalachi chidachita kukonza mabasi akeake onyamula odwala ndi ogwira ntchito, poti anamwino ndi madokotala ambiri nawonso amakhala kuseri kwa khomalo. Ndipo khansa ilibe nazo ntchito za zilolezo: tsiku la makina likadutsa, chotupa chimangopitiriza kukula.

Nkhani ya ndalama nayo siichepa. Palestinian Authority imachedwa kulipira ngongole za odwala omwe yatumiza, ndipo mu 2018 boma la Donald Trump lidadula madola 25 miliyoni omwe ankapita ku zipatala 6 za kum'mawa kwa Yerusalemu, ichi chili m'gulumo.

Nkhondo yomwe idayamba pa 7 Okutobala 2023 idatsekeratu njira ya ku Gaza. Odwala atsopano adaleka kubwera, pomwe amene adali kale ku Yerusalemu adasowa kolowera, ena nyumba zawo zitagwa, abale akumwalira iwo ali pabedi. Mu Malichi 2024 akuluakulu a Israel adafuna kubweza ena mwa iwo ku Gaza nkhondo ili mkati, koma khoti lalikulu la dzikolo lidaimitsa kaye ganizolo, bungwe la Physicians for Human Rights Israel litakadandaula.