Musawakhazike pansi achikulire: minofu imakulabe ngakhale paukalamba

Uthenga uwu ukupita kwa achikulire, koma makamaka kwa inu ana ndi adzukulu amene mumawasamalira. Tikumva kawirikawiri anthu akunena kuti munthu akapitirira zaka 60 asamanyamulenso cholemera, ati minofu yake singakulenso, angodzithyola. Limeneli ndi bodza, ndipo likugonetsa pansi anthu amene akanamayendabe okha.

Inde, ukalamba umadya minofu. Kuyambira zaka 30, munthu amataya pakati pa 3 ndi 8 peresenti ya minofu yake pa zaka khumi zilizonse, ndipo akadutsa 60 imatha mofulumirirapo. Madokotala amati sarcopenia. Mahomoni omanga thupi amachepa, kwa amayi makamaka akasiya kusamba. Minofu yamphamvu zadzidzidzi, imene imakugwira ukapunthwa, ndiyo imayamba kufota. Komanso thupi lokalamba silimva msanga: chakudya ndi masewera omwe angakulitse mnyamata, kwa agogo amabweretsa zochepa, ndipo mochedwa.

Koma kuchedwa si kulephera. Mu 1990, Dr Maria Fiatarone ndi anzake ku Boston, m'dziko la America, anatenga anthu khumi ofooka a zaka 86 mpaka 96 okhala kunyumba yosungirako okalamba, n'kuwayambitsa kukankha zolemera ndi miyendo. Patatha milungu 8, mphamvu zawo zinakwera ndi 174 peresenti, ndipo minofu yapantchafu inakula ndi pafupifupi 9 peresenti. Taonani zaka zimenezo. Ndiye wa zaka 65 anganene bwanji kuti nthawi yake inapita?

Chimene chimatidetsa nkhawa ndi chikondi chimene chimati, "Khalani pansi agogo, musavutike, tichita ndife." Tikudziwa kuti mumanena mwaulemu. Koma mwendo wosagwira ntchito umafota msanga kwambiri. Kafukufuku anapeza kuti achikulire athanzi atagonekedwa pabedi masiku 10 okha, anataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya minofu yam'miyendo. Miyendo ikafooka, chotsatira ndi kugwa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo ambiri mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Mukamawaletsa kudzuka poopa kuti agwa, ndiye mukuwayandikizitsa kukugwako.

WHO imalangiza akuluakulu onse kulimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo pa mlungu. Kwa a zaka 65 kupita m'tsogolo, imawonjezera masewera ophunzitsa thupi kuima mosadzandira, masiku atatu pa mlungu. Sizifuna kupita kujimu. Kudzuka pampando n'kukhalanso, kukankha khoma ndi manja, kukwera sitepe, kunyamula botolo lodzaza madzi: yambani ndi zimenezi, maulendo 8 mpaka 12, n'kupuma, n'kubwereza. Zikayamba kupepuka, onjezerani kulemera pang'ono, chifukwa minofu imakula pokhapokha ikapatsidwa ntchito yoposa imene inazolowera. Siyani tsiku limodzi pakati kuti thupi lichire. Kuyenda n'kwabwino kumtima, koma pakokha sikukwanira. Mphamvu zimayamba kubwera minofu isanaoneke kukula, choncho musagwe ulesi mwezi woyamba.

Pachakudyanso pali vuto. Achikulire ambiri amachepetsa kudya pomwe thupi lawo likufuna zomanga thupi zochulukirapo, pafupifupi galamu 1 mpaka 1.2 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwawo patsiku. Mazira, nsomba, mkaka, nyemba kapena nyama zisasowe pachakudya chilichonse, osati madzulo okha. Amene ali ndi vuto la impso afunse kaye dokotala.

Chenjezo: ngati muli ndi matenda a mtima, a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, pitani kuchipatala akakuuzeni poyambira. Musamagwire mpweya ponyamula. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika, siyani pomwepo ndipo kaonaneni ndi achipatala tsiku lomwelo. Kuwawa pang'ono kwa minofu tsiku lotsatira n'kwachibadwa, si chifukwa chosiyira.

Ndipo chonde, musadikire kuti agogo agwe kaye. Ngati akulephera kudzuka pampando osagwira ndi manja, kapena achira kumatenda omwe anawagoneka, apititseni kuchipatala sabata ino akawaonetse masewera oyenera thupi lawo.