Kusankha malo omangapo tenti kapena kuimikapo kalavani m'mbali mwa nyanja

Anthu a kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo akafuna kukapumula kunyanja atatenga tenti, kapena akukoka kalavani kumbuyo kwa galimoto, funso limene amandifunsa monga woperekeza alendo ndi lakuti malo abwino ndi ati. Amayembekezera kuti nditchula dzina la malo, koma ine ndimayamba ndafunsa mwezi umene akufuna kunyamuka, chifukwa gombe limodzi lomwelo limasintha kwambiri pachaka, ndipo chithunzi chimene achiona pa foni sichinena tsiku limene chinajambulidwa.

Madzi a Nyanja ya Malawi amatsika kwambiri chakumapeto kwa chaka, mvula isanakhazikike, ndipo amakwera kufika pachimake cha mu Epulo ndi Meyi, mitsinje itatsanulira madzi a dzinja lonse. Choncho mchenga wotambalala umene unajambulidwa mu Novembala ukhoza kukhala uli pansi pa madzi pa nyengo ya Pasaka, yomwenso ndi nthawi imene anthu ambiri amapita kunyanja. Mu 2024 madzi anakwera mpaka kulowa m'malo ena ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima. Mukafika pamalopo, yang'anani mzere wa zinyalala, bango louma ndi tizigoba ta nkhono umene mafunde anasiya, komanso zipsera za madzi pa makoma ndi pa mitengo. Tenti imangidwe kumtunda kwa mzere umenewo, ngakhale mwini malo atakulozerani pafupi ndi madzi pofuna kukusangalatsani. Ine sindilola alendo anga kugona pa mchenga wa m'mphepete penipeni, ngakhale amadandaula tsiku loyamba.

Ife a m'tsinde mwa phiri timadziwa chiperoni, ndipo amene anagonapo ku Chambe kapena ku Lichenya, pamwamba pa phiri la Mulanje, amadziwa kuzizira, koma mphepo ya kunyanja ili ndi khalidwe lake. Mwera umaomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo umatha kuutsa mafunde aakulu moti asodzi amaleka kulowa m'madzi. Gombe loyang'ana kumene Mwera ukuchokera, monga magombe ambiri a ku Salima, Nkhotakota ndi Chintheche, limalandira mphepo ndi mafunde mwachindunji. Mudzi wa Chembe ku Cape Maclear unayang'ana kumpoto chakumadzulo ndipo uli ndi mapiri kumbuyo kwake, n'chifukwa chake madzi ake amakhala odekha m'miyezi yozizira. Nyengo ya mvula zinthu zimatembenuka, pakuti mphepo ya Mpoto imabwera ndi mabingu, ndipo malo amene anali obisika mu Julayi amakhala pambalambanda mu Januwale. Khomo la tenti liyang'ane kumene mphepo ikupita, ndipo kalavani iime moloza mphepo ndi kutsogolo kapena kumbuyo kwake, osati ndi nthiti, chifukwa mbali yaitaliyo imakankhidwa mosavuta ndipo lona wa pakhonde ndiye amayamba kung'ambika.

Nthaka ndiyo imene anthu amaiwala kufunsa. Zikhomo zing'onozing'ono zimene zimabwera ndi tenti zimagwira bwino pa dothi lofiira la kwathu kuno, koma mumchenga zimazuka ndi kamphepo kochepa. Pamafunika zikhomo zazitali ndi zonenepa, kapena kumangirira chingwe ku kamtengo kapena ku thumba lodzaza mchenga n'kulikwirira mozama. Malo abwino koposa ndi a kapinga womera pa mchenga wolimba, okwererako pang'ono, opanda kamkwasa kodutsamo madzi a mvula. Kwa mwini kalavani nkhaniyi ndi yaikulu kwambiri. Msewu wa phula wodzera ku Zomba ndi Liwonde mpaka ku Mangochi si umene umavuta; chovuta ndi kamsewu kotsiriza kochokera pamsewu waukulu kukafika pageti, kamene nthawi zambiri kamadutsa pakati pa nyumba za anthu, kali ndi mchenga wakuya, nthambi zotsika ndi makona othina. Musananyamuke imbani foni ndipo mufunse ngati kalavani inalowapo pamalopo, ngati pali potembenukira, komanso ngati galimoto yosakoka ndi matayala onse anayi ingatulukemo mvula itagwa. Tengani matabwa oika pansi pa miyendo ya kalavani kuti isamire mumchenga, fosholo ndi chingwe chokokera. Funsaninso za magetsi: ngati pali soketi pafupi ndi poimikapo, ndi chimene amachita magetsi akathima, popeza furiji yodzaza nyama ndi chambo siipirira kutentha kwa ku Mangochi.

Kutenthako n'kumene kumachititsa kuti mthunzi ukhale wofunika kuposa maonekedwe a malo. Mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 35, ndipo tenti yomangidwa padzuwa imasanduka uvuni nthawi ya kadzutsa isanakwane. Komabe si mtengo uliwonse woyenera kugona pansi pake. Mkuyu ukabereka umaitana mileme ndi mbalame usiku wonse, mango akapsa amagwera pa tenti n'kuitana nyerere, msangu umagwetsa minga yoboola pansi pa tenti, ndipo mtengo wautali woima wokha ndi woopsa nthawi ya ziphaliwali. Yang'anani m'mwamba ngati muli nthambi zouma. Ku Cape Maclear anyani ndi apusi anazolowera anthu, motero chakudya chizikhala m'galimoto yotseka. M'miyezi yozizira musalowetse mbaula kapena chitofu cha gasi mu tenti kapena mu kalavani yotseka mawindo. Mpweya wa makala sununkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Pali malo amene ndimawakana ngakhale atakhala otsika mtengo, ndiwo oyandikana ndi pamene mtsinje ukuthira m'nyanja, kapena ozunguliridwa ndi bango ndi madzi odikha. Kumeneko n'kumene kumakonda ng'ona ndi mvuu, ndipo mvuu imatuluka usiku kukadya msipu, osasamala kuti panjira pake pamangidwa tenti. Kumeneko n'kumenenso kumaswana udzudzu ndi nkhono zofalitsa likodzo. Likodzo lilipo ndithu m'madera ambiri a nyanja yathu, kuphatikizapo magombe otchuka, makamaka pamene anthu ambiri amasamba ndi kuchapa. Amene wasambira m'nyanja akayezetse kuchipatala patatha masabata 6 mpaka 8, chifukwa mankhwala a praziquantel amapha nyongolotsi zokhwima, ndipo kumwa tsiku lobwerera kwanu sikuthandiza kwenikweni. Sefa wa tenti akhale wosang'ambika, ndipo mwana akatentha thupi muli komweko kapena mutabwerako, akayezedwe malungo tsiku lomwelo. N'chanzeru kudziwiratu mtunda wokafika kuchipatala cha ku Monkey Bay kapena cha boma ku Mangochi.

Musanalipire, pitani mukaone chimbudzi ndi bafa. Mwini malo amene amasamala zimbudzi amasamalanso zina zonse. Chimbudzi chokumba chisakhale pafupi ndi madzi kapena ndi mjigo, ndipo funsani kumene madzi akumwa amachokera, pokumbukira kuti Mangochi ndi limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri ndi kolera ya 2022 ndi 2023. Madzi otungidwa m'nyanja awiritsidwe kapena athiridwe klorini. A kalavani afunse kotayira za m'chimbudzi chawo, ndipo ngati malowo palibe, abwerere nazo. Kuzikhuthulira m'tchire kapena m'nyanja ndi kuipitsa madzi amene mudzi wonse ukumwa.

Gombe lili ndi eni ake. Pafupi ndi doko la asodzi pamakhala phokoso la mainjini madzulo ndi m'bandakucha, ndiponso fungo la usipa woyanika pa thandala. Amene akufuna bata asankhe malo otalikirako, m'malo mokakangana ndi anthu amene ali pa ntchito yodyetsa mabanja awo. Ine ndimakonda malo amene mlonda ndi ophika ndi a m'mudzi momwemo, popeza iwo ndi amene amadziwa pamene ng'ona inaoneka posachedwa ndi tsiku limene nyanja siyoyenera kukwera bwato. Mbali ina ya Cape Maclear ndi zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo zili mu Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna. M'menemo mumalipiridwa polowa, ndipo simumangidwa tenti kapena kutola nkhuni paliponse pamene munthu wafuna.

Ena amafuna nyanja yamchere, ndipo ife tili pafupi nayo kudzera pa chipata cha Muloza, kulowa ku Milange m'dziko la Mozambique, kupitirira ku Mocuba mpaka ku Quelimane ndi gombe la Zalala. Kumeneko madzi amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, ndi mamita angapo, ndipo amafika patali kwambiri mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene. Pamene mwaimika galimoto masana pali pouma pakhoza kukhala nyanja pakati pa usiku, choncho gonani kuseri kwa milu ya mchenga, m'malo ovomerezeka okhala ndi mlonda, ndipo musamange tenti pansi pa mtengo wa kokonati. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nyengo ya anamondwe, ndipo Freddy, amene anatilanda abale kuno mu Malichi 2023, analowera kumtunda kufupi ndi Quelimane komweko. Ulendo wa tenti kumeneko ndimaulola kuyambira Meyi mpaka Okutobala basi. Pachipata adzafuna mapepala a galimoto ndi a kalavani payokha, chilolezo cholowetsa galimoto kwa kanthawi ndi inshuwalansi yogwira ntchito ku Mozambique. Masoketi a kumeneko ndi a mabowo ozungulira, motero mapulagi athu a mano atatu amafunika adaputa, ndipo mukabwerera tsukani kunsi kwa galimoto ndi kwa kalavani ndi madzi abwino kuti mchere usadye zitsulo.