Tsiku la 11 Ogasiti 1902: mmene mlandu unachokera pabwalo n'kupita kukhoti ku Nkhotakota

Munthu akagwidwa ataba ukonde ku Chia kapena matumba a mpunga ku Linga, mawa lake n'kuoneka akuyenda pamsika atatuluka pa belo, anthu a ku Nkhotakota amalankhula mawu amodzimodzi: makhotiwa ndi a azungu, milandu ibwerere kwa mafumu. Nyumba ya Malamulo inayesa kuyankha dandaulo limeneli mu 2011 pokhazikitsa lamulo la makhoti a m'madera, Local Courts Act, koma makhotiwo sanatsegulidwe. Ofuna mabwalo a mafumu amati khoti limachedwa ndipo wolakwiridwa amabwerako chimanjamanja. Otsutsa amakumbutsa za makhoti a nthawi ya Kamuzu. Onsewa nkhaniyi amaiyambira pakati. Gwero lake ndi chikalata chimodzi chomwe chinatuluka ku England pa 11 Ogasiti 1902, patangopita masiku awiri Mfumu Edward VII atavekedwa chisoti chaufumu.

Chikalatacho chisanabwere, ku Nkhotakota kunali kale maulamuliro awiri. M'midzi ya Achewa, m'madera a mafumu monga Kanyenda ndi Malengachanzi, milandu inkakambidwa pabwalo. Padoko panali a Jumbe, olamulira amalonda a Chiswahili, kuyambira Salim bin Abdallah amene anakhazikika pano m'zaka za m'ma 1840, ndipo mphamvu zawo zinkachokera ku mfuti ndi malonda a minyanga ndi akapolo owolotsedwa panyanja. Harry Johnston, woimira boma la Britain, anapangana pangano ndi Jumbe mu 1889, dziko n'kulowa m'manja mwa Britain mu 1891. Sipanapite zaka zambiri, Jumbe womaliza anaimbidwa mlandu wakupha, anachotsedwa pampando n'kutumizidwa ku Zanzibar. Mabuku ena amaika zimenezi mu 1894, ena mu 1895, koma aliyense padokopo anaona chinthu chimodzi: munthu amene ankaweruza anzake waweruzidwa ndi mlendo.

Boma la Kota Kota, likulu la dera lomwe atsamunda ankalitcha Marimba, linakhala m'manja mwa azungu monga Alfred Swann. Dzina la udindo wawo pachiyambi linali Collector, kutanthauza wotolera msonkho. Munthu mmodzi yemweyo ankatolera msonkho wa nyumba, kulamula asikali, kugwira wolakwa ndi kumuweruza. Lamulo lomwe ankatsamira, Africa Order in Council la 1889, linalembedwa poganizira nzika za Britain zokhala kunja, osati msodzi wa ku Sani. Choncho milandu yambiri inkagamulidwa monga momwe bwanayo waonera, ndipo chikoti sichinkakhala patali.

Lamulo la 1902, British Central Africa Order in Council, linabwera kudzakonza chisokonezo chimenechi. Linakhazikitsa Khoti Lalikulu, lomwe linakhala ku Blantyre, lokhala ndi mphamvu pa anthu onse ndi milandu yonse m'dziko muno. Ndime 15 ndiyo inasenza katundu yense. Inati khotilo lizitsata zinthu zitatu za ku England: malamulo ochokera m'zigamulo zakale za majaji, omwe amatchedwa common law, mfundo zofewetsa kuuma kwa malamulowo, zotchedwa equity, ndi malamulo a Nyumba ya Malamulo ya ku London okhudza anthu onse amene ankagwira ntchito pa tsiku lomwelo la 11 Ogasiti 1902. Inawonjezanso kuti kayendetsedwe ka mlandu kazikhala kofanana ndi ka m'makhoti a ku England.

Tsikuli ndi lofunika kulimvetsa. Lamulo lililonse lomwe London inapanga pambuyo pake silinkalowa lokha kuno, pokhapokha litachita kubweretsedwa. Lamulo lakale lomwe Angelezi eni ake anadzalitaya linkapitirira kugwira ntchito kuno mpaka boma la ku Zomba litalisintha. Palibe amene anakhala pansi kusankha kuti ili likuyenera anthu a kunyanja, ili ayi. Anangotenga mtolo wonse osaumasula.

Olembawo ankadziwa kuti mtolowo ndi wolemera, n'chifukwa chake anaikamo ndime 20. Iyo inati pa mlandu uliwonse wokhudza anthu akuda, khoti lizitsogozedwa ndi malamulo a makolo awo malinga ngati sakusemphana ndi chilungamo ndi makhalidwe abwino kapena ndi lamulo lolembedwa, ndipo lizigamula mosakakamira tinthu ting'onoting'ono ta ndondomeko komanso mosachedwa. Ndime yabwino ndithu. Vuto linali loti woyeza chilungamo ndi makhalidwe abwinowo anali bwana yemwe uja wa pa boma, ndipo ndime 20 inkanena za mwambo woti utsatidwe pomwe ndime 15 inali italanda kale bwalo lomwe mwambowo unkakhalamo.

Kusintha kwenikweni kunali pa kakambidwe ka mlandu. Kuba kunali kulakwa kale ndi kale, kupha chimodzimodzi. Koma pabwalo, wodandaula sankabwera yekha. Ankabwera ndi mwini mbumba, kawirikawiri malume ake, ndipo mbali inayo chimodzimodzi. Nduna za mfumu zinkafunsa mafunso, aliyense wodziwapo kanthu ankaloledwa kuyankhula, ndipo munthu akayamba kufotokoza za malire a dimba omwe agogo anakanganirana, sankamudula pakamwa, chifukwa mwina muzu wa ndewu ya dzulo unali pomwepo. Mfumu inkayankhula pomaliza, itamva kumene maganizo a bwalo apendekera. Mathero ake anali kulipa: nkhuku, mbuzi, makasu, nsalu, ndipo olipawo anali banja lonse. Kumudzi kunalibe ndende yosungiramo munthu podikira mlandu. Abale ake ndiwo anali chikole choti sathawa.

Pa boma zonsezi zinatembenuka. Mlandu waupandu unasanduka wa Mfumu ya ku England, ndipo pamwamba pa pepala pankalembedwa Rex, kutanthauza mfumuyo, kutsutsana ndi uje. Mwini ukonde wobedwa anasanduka mboni chabe pa nkhani yakeyake. Malume analibe poima. Mlandu unkayenera kukhala wa chinthu chimodzi, chochitika tsiku limodzi, pamalo amodzi. Zakumva sizinkaloledwa, ngakhale mudzi wonse ukudziwa. Chindapusa chinkalowa m'thumba la boma, wolakwa n'kupita kukagwira ukaidi, wolakwiridwa n'kubwerera kwawo wapansi opanda ngakhale nkhuku. Kwa anthu a kumudzi mlandu wotere unali usanathe, ndipo kawirikawiri wandendeyo akatuluka ankaupeza ukumudikira pabwalo.

Malo oopsa kwambiri anali funso loyamba lenileni: ukuvomera kapena ukukana? Pabwalo panalibe funso lotere. Munthu waulemu sayamba ndi kukana pamaso pa wamkulu. Amayamba ndi kuvomera zimene zinachitikadi, kenako n'kulongosola chifukwa chake. Ndiye woimbidwa mlandu ankati, "Inde bwana, ndinamumenya," akuyembekeza kuti apitiriza kunena kuti mnzakeyo ndiye anayamba kusolola mpeni. Womasulira akangopereka mawu oyambawo, bwana ankalemba kuti wavomera mlandu, mboni osaitanidwanso, chilango n'kuperekedwa. Kuvomera kuti unachita chinthu ndi kuvomera kuti ndiwe wolakwa pa lamulo ndi zinthu ziwiri zosiyana, koma kusiyanako kunkatayika pakati pa pakamwa pa munthu ndi cholembera cha bwana.

Chiyankhulo chinkatchera misampha inanso. Mboni ikafunsidwa kuti, "Simunamuone?" n'kuyankha kuti, "Inde," m'Chichewa yatanthauza kuti sinamuone. Mawu omwewo akalembedwa m'Chingelezi momwe alili, amamveka ngati yamuona. Mboni ikati "bambo anga" kutanthauza bambo aang'ono, kapena "mchimwene wanga" kutanthauza mwana wa mayi aakulu, pambuyo pake inkaoneka ngati yanama. Funso la tsiku ndi ola linkagwetsa anthu oona mtima, chifukwa iwo ankawerenga nthawi ndi kulira kwa tambala woyamba, kuomba kwa mwera kapena kucha kwa mpunga. Ku Nkhotakota vutoli linkakula chifukwa pakhoti limodzi pankafika olankhula Chinyanja, Chiyao, Chiswahili cha padoko ndi Chitonga cha chakumpoto cha ku Dwambazi. Womasulira ndi mesenjala anasanduka anthu amphamvu kuposa mmene udindo wawo unkaonekera.

Pa mlandu wakupha, kwa zaka zambiri bwana wa pa boma ankauzenga atakhala ndi akuluakulu angapo omuthandiza maganizo, koma maganizo awowo sankamumanga. Zolemba zinkatumizidwa ku Blantyre kuti jaji azione, jaji amene sanaone nkhope ya munthuyo kapena kumva mawu ake. Chilango cha imfa chinkathera kwa Bwanamkubwa ku Zomba, amene akanatha kuchitsimikiza kapena kuchichepetsa. Njira ya apilo inalipo, yopita ku khoti la apilo la kum'mawa kwa Africa mpaka ku Privy Council, khoti lomaliza la apilo ku London, koma kwa mlimi wa chinangwa wopanda loya inali njira ya papepala.

Si zonse za pabwalo zomwe zinali zoyenera kuzilirira. Mwavi unapha anthu osalakwa ambiri, ndipo nthawi ya ukapolo mwana ankatha kuperekedwa ngati dipo la mlandu wa malume ake. Lamulo la ufiti la 1911 linaletsa mwavi ndi kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo linapulumutsa miyoyo, makamaka ya amayi okalamba. Komabe m'midzi anthu ankaliona ngati boma likuikira kumbuyo mfiti n'kumanga wodandaula, ndipo mkangano womwewo ukumvekabe lero chifukwa lamulolo likadalipo. Khoti Lalikulu nalonso nthawi zina linkaima ndi anthu akuda: mu 1903 Jaji Nunan anagamula mokomera anthu omwe anapezeka akukhala kale pa malo amene azungu anatenga kumapiri a Shire.

Poyeza zonsezi tiyenera kukumbuka amene anagwira cholembera. Mabuku a milandu ndi malipoti a maboma osungidwa ku National Archives ku Zomba analembedwa ndi oweruza eni akewo, m'Chingelezi, ndipo mawu a woimbidwa mlandu amatipeza atadutsa kale mwa womasulira. Zomwe anthu ankanena pobwerera kumudzi sizinalembedwe. Martin Chanock, amene anafufuza nkhaniyi m'Malawi ndi Zambia n'kutulutsa buku lake mu 1985, anaonetsa kuti ngakhale chomwe chinadzatchedwa lamulo la makolo chinaumbidwa m'nthawi ya atsamunda momwemo, pomwe akuluakulu aamuna ankauza bwana mwambo monga momwe unkawakomera, makamaka pa za maukwati ndi amayi. Mfundo yakeyi ndi yolimba, ngakhale siifafaniza kuti kakambidwe ka pabwalo, koti aliyense amvedwe ndipo wolakwiridwa alandire kanthu, kanalipo azungu asanafike.

Zaka zotsatira zinangomanga pa maziko omwewo. Lamulo la 1912 linapatsa mafumu ena ntchito za boma. Buku la milandu yaupandu, Penal Code, linalembedwa mu 1929 n'kuyamba kugwira ntchito mu 1930, potengera chitsanzo chomwe chinayambira ku Queensland ku Australia mu 1899. Mu 1933 boma linavomereza makhoti a mafumu, koma ndi chilolezo cholembedwa, malire a milandu yoti aweruze, kalaliki wolemba, ndi DC wokhala ndi mphamvu yosintha chigamulo.

Chomwe chimaopsa anthu lero chinabwera mu 1969, pomwe boma la Dr. Banda linasandutsa makhoti a m'madera a 1962 kukhala Traditional Courts n'kupatsa akuluakulu mwa iwo mphamvu yoweruza milandu yakupha, kenako ndi youkira boma, popanda loya woimira woimbidwa mlandu. Orton Chirwa, yemwe anakhalapo nduna ya zachilungamo, ndi mkazi wake Vera anaweruzidwa kuti aphedwe m'khoti lotere mu 1983, ndipo a Chirwa anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992. Makhotiwa anaimitsidwa mu 1993. Kuwatcha mabwalo a makolo n'kulakwira makolowo: oweruza ake ankasankhidwa ndi boma, ndipo anatenga chingwe ndi ndende za atsamunda n'kutaya zotchinjiriza zomwe zinabwera nazo limodzi. Belo imene anthu amakwiya nayo pamsika ndi chimodzi mwa zotchinjirizazo, yochokera pa mfundo yoti munthu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa.

Mtolo wa 1902 wakhala ukumasulidwa pang'onopang'ono kwambiri. Ndime 200 ya Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 inasunga common law pamodzi ndi malamulo a makolo, malinga ngati sakusemphana ndi Malamulowo. Mawu oti vakabu ndi katchulidwe kathu ka vagabond, mlandu wochokera ku lamulo la ku England la 1824, ndipo ndime yomwe apolisi ankagwirira anthu oyenda usiku inathetsedwa ndi Khoti Lalikulu mu 2017 pa mlandu wa Gwanda. Chaka chomwecho ndi pomwe Khoti Lalikulu linayamba kutsata ndondomeko yakeyake pa milandu yosakhala yaupandu. Kufikira nthawiyo maloya athu ankanyamulabe buku la ndondomeko la ku England lotchedwa White Book, lomwe Angelezi anali atalisiya kuyambira 1999.

Ndime 110 ya Malamulo omwewo imalola makhoti a m'madera, koma pa milandu ya mwambo ndi milandu ing'onoing'ono yokha, choncho ngakhale lamulo la 2011 litayamba kugwira ntchito, wakupha kapena wachifwamba sadzapita kwa mfumu. Pakadali pano mboni ya ku Mwansambo ikaima pamaso pa majisitireti pa boma imalumbira ndi kuyankhula m'Chichewa, nthawi zambiri majisitiretiyo n'kukhala akuchimva bwinobwino, koma kaundula wa mlandu amalembedwa m'Chingelezi. Apilo ikapita ku Khoti Lalikulu ku Lilongwe, jaji amawerenga Chingelezicho.