Mkati mwa jenereta ya DC: chinsinsi chili pa commutator

Tengani mota ya fani yoziziritsa injini ya galimoto, monga zija zimapezeka kwa ogulitsa zipangizo zakale mu msika wa Zomba. Mangani babu laling'ono pa mawaya ake awiri, kenako muzungulitse shafti yake mwamphamvu. Babulo liyaka, chikhalirecho palibe batire lililonse. Mota ya DC (magetsi oyenda mbali imodzi, ngati a batire) ndi jenereta ya DC ndi makina amodzi: mukaipatsa magetsi imazungulira, mukaizungulitsa imakupatsani magetsi.

Gwero la zonsezi ndi zomwe Michael Faraday anapeza ku London mu 1831: waya wa kopa akamadutsa pafupi ndi maginito, mkati mwake mumabadwa magetsi. Akangoima, magetsi nawo amatha. Kuchuluka kwake kumadalira mphamvu ya maginitowo, kuchuluka kwa mizere ya waya yomwe yakulungidwa, ndi liwiro lomwe ikuzungulira.

Mukamasula jenereta yotere, choyamba kugwira ndi chigoba chachitsulo chochindikala. Ambiri amangochiona ngati chotchingira fumbi, koma ndi njiranso yomwe mphamvu ya maginito imadutsamo. Mkati mwake mwamatidwa mitu ya maginito moyang'anizana, wina wa N (north) wina wa S (south). M'makina ang'onoang'ono mituyi ndi maginito enieni. M'akuluakulu ndi zitsulo zokulungidwa waya, zomwe zimasanduka maginito pokhapokha magetsi akamayendamo.

Pakati pamakhala chozungulira chija amisiri timachitcha armature. Yang'anitsitsani m'mbali mwake, muona kuti si chitsulo chimodzi. Ndi timapepala tachitsulo topyapyala tambirimbiri, topakidwa vanishi n'kupanikizidwa pamodzi. Chikanakhala chitsulo chathunthu, magetsi osafunika akanamazungulira m'chitsulomo n'kumachitenthetsa, ndipo mphamvu yanu ikanamathera pamenepo. M'mipata yosemedwa m'mbali mwake ndimo mumagona makoyilo a waya.

Tsopano apa ndi pomwe pagona nkhani. Koyilo ikamazungulira, mbali yake imodzi imadutsa pansi pa N, ikatembenuka theka imadutsa pansi pa S. Pansi pa N magetsi amalowera uku, pansi pa S amabwerera uko. Ndiye kuti mkati mwa jenereta ya DC mumabadwa magetsi a AC, obwererabwerera. Chomwe chimawawongola ndi commutator, mkombero wa tizidutswa ta kopa kumapeto kwa shafti. Kachidutswa kalikonse n'kolekanitsidwa ndi kanzake ndi mica, mwala wopyapyala wosadutsa magetsi, ndipo kamalumikizidwa ku nsonga za makoyilo. Pamwamba pake pamatsamira mabulashi a kaboni, okankhidwa ndi timasipuling'i. Mabulashiwa sayenda. Pa nthawi yeniyeni yomwe magetsi a m'koyilo akufuna kubwerera, kachidutswa kamene kanali pansi pa bulashi kamachoka, n'kubwerapo kena. Motero bulashi imodzi imakhala ya pozitivi nthawi zonse, inayo ya negetivi.

Ndi koyilo imodzi yokha magetsi amatuluka modukizadukiza: akwera, atsika mpaka kutheratu, akweranso. Makina a Hippolyte Pixii a ku Paris a mu 1832 anali ndi vuto limeneli. Mankhwala ake ndi kuchulukitsa makoyilo ndi tizidutswa ta commutator, monga anachitira Zénobe Gramme mu 1871. Zimakhala ngati amayi atatu akusinja mumtondo umodzi: musi wina ukamakwera wina uli kutsika, mtondo osakhala chete.

Nanga makoyilo a pa mitu ya maginito aja magetsi amawatenga kuti? M'majenereta ambiri amachokera mwa jenereta yomweyo, nzeru yomwe Werner Siemens ndi Charles Wheatstone analengeza mu 1867. Chitsulo chikakhalapo maginito chimasungako kamphamvu pang'ono. Kamphamvu kotsalirako kamabala timagetsi tochepa mu armature, timagetsito timalowa m'makoyilo a mitu, maginito amakula, magetsi nawo n'kukula, mpaka chitsulo chitakhuta. Kalumikizidwe kake kali patatu, shunt, series ndi compound, koma potchaja batire yodziwika ndi shunt, momwe makoyilo a mitu amangopatulako gawo lochepa la magetsi pa mabulashi, chifukwa magetsi ake sasinthasintha kwambiri.

Izi ndiye zimapusitsa anthu. Jenereta yomwe yakhalitsa osagwira ntchito, kapena yomwe yamenyedwa ndi hamala poimasula, imatha kutaya kamphamvu kotsalira kaja. Muizungulitse bwanji, zii. Mwini wake amathamangira kunena kuti yapsa, pomwe ikungofuna kugunditsa batire pa makoyilo a mitu kwa kamphindi, pozitivi ndi negetivi zili m'malo mwake. Kuizungulitsa chobwerera nakonso kumailepheretsa kudzuka.

Matenda ena onse amakonda kuyambira pa commutator, poti ndi pomwe pali kukhulana. Yathanzi imakhala yosalala, ya mtundu wa chokoleti, ndipo mtundu umenewo musamaupale poganiza kuti ndi litsiro. Mukaona moto ukuthetheka pa mabulashi, onani ngati afupika, ngati sipuling'i yafooka, kapena ngati kopa wadyeka n'kusiya mica itatumphuka. Ikatumphuka, bulashi imadumphadumpha, ndipo mpofunika kuipala pang'ono ndi kampeni ka sowo kuti itsike. Posalaza gwiritsani sandipepa wosalala, osati wa mtundu wa emery, chifukwa tinyenyeswa take timatha kudutsa magetsi n'kulumikiza tizidutswa toyandikana. Girizi ndi wa mabering'i basi. Ndimadandaula ndikaona commutator yothiridwa oyilo ati kuti izitsetsereka bwino. Oyiloyo amagwira fumbi la kaboni n'kupanga phala lomwe limashotetsa.

Kuvuta kwa chisamaliro chotere ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe majeneretawa achepera. Galimoto zinasiya dayinamo, yomwe ndi jenereta ya DC, kuyambira m'ma 1960 n'kutenga alternator, momwe ntchito ya commutator imagwiridwa ndi ma diode, tizipangizo tolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, osakhulana ndi kanthu. Magetsi ochokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire ndi a AC, chifukwa thiransifoma imatha kuwakweza kuti ayende mtunda wautali, n'kuwatsitsanso kufika pa 230 volts m'nyumba za ku Matawale ndi ku Chinamwali. Ngakhale kadayinamo kotsamira pa tayala la njinga ya kabaza kalibe commutator, kamatulutsa AC, n'chifukwa chake sikangatchaje batire popanda ma diode.

Amene mukufuna kupanga kajenereta koyendera mphepo kapena madzi a mumtsinje ndi mota yakale, sankhani ya maginito enieni. Ya waipa ili ndi giya yomwe siilola kuzungulitsidwa kuchokera kunja, ndiye muyenera kuchotsa kaye giyayo. Dziwaninso kuti batire la 12 volts limafuna pafupifupi 14 kuti lilandire moto, choncho mota ya 12 volts iyenera kuthamanga kuposa liwiro lake la masiku onse. Mufunika pule yaikulu ndi lamba. Pakati pa mota ndi batire ikanipo diode, apo ayi mphepo ikangoleka batire lidzayamba kuizungulitsa motayo mpaka litatha moto.