Nyimbo za m'magemu si phokoso chabe

Mukadutsa pa mashopu a magemu pa Mangochi boma, mudzamva akuluakulu akuti zomwe zikulira m'katimo ndi phokoso la ana, si nyimbo. Ganizoli ndi lakale ndipo ndi lolakwika.

Makina osewerera magemu a kampani ya Nintendo a mu 1983 ankatulutsa mawu asanu okha pa nthawi imodzi: awiri otsogolera nyimbo, amodzi a besi, amodzi a phokoso loyimira ng'oma, ndi ena a mawu ojambulidwa. Wopeka nyimbo akafuna manoti atatu omvekera pamodzi, ankawasinthanitsa mofulumira kwambiri mpaka khutu n'kuwamva ngati akulira limodzi. Vuto linalipo lina: wosewera akalumpha, kaphokoso ka kulumphako kankalanda malo a amodzi mwa mawu asanu aja, choncho nyimbo inkayenera kumvekabe bwino chiwalo chimodzi chitasowa. Koji Kondo adapeka nyimbo ya Super Mario Bros. ya mu 1985 m'mavuto amenewa, ndipo imabwerezabwereza osatopetsa. Nthawi yopatsidwa m'gemumo ikatsala pang'ono kutha, imathamanga kuti wosewera adziwe. Woyimba ng'oma ya beni amaidziwa ntchito imeneyi, yoyang'ana ovina n'kusintha liwiro.

Umboni wina ndi uwu: mu 2011, nyimbo ya m'gemu ya Civilization IV yotchedwa Baba Yetu, yopekedwa ndi Christopher Tin, yomwe mawu ake ndi pemphero la Atate Wathu m'Chiswahili, idapata Grammy, mphotho yotchuka ya zoyimbayimba ya ku America.

Chimanyenga ambiri ndi sipika. Kasipika ka foni sikatulutsa besi, nyimbo imatsala yowonda. Valani mahedifoni, tsitsani phokoso la masewerawo mu setingi, kenako tsatirani mzere wa besi wokha mpaka nyimbo ibwerere poyambira.