Banga loyera pa khomo la chiberekero si khansa ayi

Pamzere wolandira ma ARV kuno ku Mangochi pamamveka zoti mayi akangomupeza ndi banga poyezetsa, basi ndi khansa, chiberekero achichotsa. Ndi bodza limenelo.

Namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero n'kudikira mphindi imodzi. Pamene payera nthawi zambiri ndi pomwe kachilombo ka HPV, kofala pogonana, kayamba kusintha maselo, khansa isanafike. Banga likakhala laling'ono amalitentha ndi kachipangizo, nthawi zambiri tsiku lomwelo. Chiberekero sachikhudza. Mukatero mumatuluka madzimadzi, ndipo abambo adikire milungu inayi musanagonane.

HPV ya mtundu wa 16 ndi wa 18 imayambitsa pafupifupi 70 peresenti ya khansayi. Kwa mayi yemwe ali ndi HIV chiopsezo chimakwera kasanu n'kamodzi, poti thupi limachedwa kuchotsa kachilombo ka HPV, ndipo ma ARV sakapha. Yambani kuyezetsa mukakwana zaka 25.